Kufufuta ndi Kusoka Zikopa Pamudzi

M'midzi yozungulira mzinda wa Chipata mbuzi zimaphedwa caka conse: pa maliro, pa ukwati, pa Khrisimasi, ndiponso m'misika ya m'mbali mwa mseu kumene anyamata amaocha nyama ya malonda. Nyama imatha tsiku lomwelo, koma cikopa kawiri-kawiri cimaponyedwa pa denga la khola, kapena cimakhomeredwa pansi ndi ziciri pa dzuwa la moto, kufikira agalu atacikoka usiku. Mwini mbuzi saona kuti wataya kanthu. Komatu munthu yemweyo, sabata isanathe, atsika ku msika wa Kapata kukagula lamba wa pulasitiki amene aduka dzinja lisanafike, pamodzi ndi cingwe ca nailoni comangira ng'ombe zake.

Kucokera mwezi wa Juni, cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo fodya ndi thonje zikapita ku msika, kufikira mvula yoyamba ya mu Novembala, mlimi amakhala ndi madzulo ambiri opanda nchito yolemetsa. Nyengo imeneyi ndiyo yoyenera kuphunzira kufufuta ndi kusoka zikopa, pakuti mphepo iri youma ndipo cigafa ca fodya ciri cabe. Ndi nchito yokondweretsa, yosafuna makina kapena magetsi. Ndipo munthu amene ayamba nayo monga cocezera amapeza kuti banja lake laleka kugula zinthu zina zimene linali kugula caka ndi caka. Koma wophunzira adziwe poyamba pomwe kuti ubwino wa lamba kapena cikwama sucokera kweni-kweni ku singano ai. Pofika tsiku losoka mlandu wa cikopa umakhala utaweruzidwa kale: m'khola, pa mpeni wosendera, ndi m'mtsuko wa makungwa.

LUSO LA MAKOLO

Nchito ya zikopa si yacilendo m'dziko lino. Angoni amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835 anali anthu a ng'ombe, ndipo cishango ca msilikali ali yense cinali cikopa ca ng'ombe couma, cokhala ndi ndodo pakati pake. Acewa naonso anali ndi mvukuto wa cikopa ca mbuzi wokolezera moto wa osula, phodo la mibvi, mbereko ya mwana, ndi ng'oma za gule. Nkhondo ya m'caka ca 1898, pamene asilikali a Azungu anagonjetsa Mpezeni ndi kupha mwana wake Nsingo, inalanditsa Angoni ng'ombe zikwi zambiri. Ndipo m'zaka zotsatira nsalu za m'masitolo a ku Fort Jameson, ndilo dzina lakale la Chipata, zinalowa m'malo mwa nguwo za zikopa. Luso linacepa koma silinafe. Kuyambira 1980, pamene mwambo wa Nc'wala unaukitsidwanso, amuna amafika ku Mtenguleni kumapeto a Febuluwale atabvala zikopa ndi kunyamula zishango zopangidwa ndi manja.

Makolo anadziwa kwambiri njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuumitsa cabe. Cikopa cotere cimalimba ngati thabwa, ndipo ncabwino pa cishango ndi pa ng'oma. Koma cikanyowa cimabwerera ku uwisi wake, nkuyamba kununkha. Yaciwiri ndiyo kupala ndi kufikisa ndi manja pamodzi ndi mafuta kufikira cifewe ngati nsalu. Cotereco cimakoma kubvala, koma cikabvumbwa kawiri katatu cimaumanso gwa. Njira yacitatu, imene ifotokozedwa pano, ndiyo kunyika m'madzi a makungwa. Makungwa ena ali ndi mankhwala ochedwa tanini, amene amalowa m'minyewa ya cikopa ndi kuisandutsa kotero kuti siingaolenso. Mafakitale a masiku ano amafufuta zikopa zambiri ndi mankhwala a chrome, mwa njira imene inafalikira pambuyo pa 1884, ndipo nchito imatha m'masiku owerengeka; koma mankhwalawo amaononga madzi ndi nthaka, ndipo sayenera kufika pamudzi.

Munthu asapeputse mbuzi. Kumpoto kwa Nigeria, ku Sokoto ndi ku Kano, zikopa za mbuzi zofiira zofufutidwa ndi zipatso zouma za mtengo wina wa minga zinali kuoloka cipululu ca Sahara pa ngamira, ndipo ku Ulaya zinachuka ndi dzina la dziko la Morocco kumene zinali kudzera. Mabuku a mtengo wapatali anali kukutidwa nazo.

CIKOPA CIYAMBIRA M'KHOLA

Akulu anati m'mera mpoyamba. Bala liri lonse limene ciweto cilandira ciri camoyo limasiya cipsera, ndipo ubweya umacibisa kufikira tsiku lopala. Nkhupakupa zimaboola timabowo tosawerengeka pa khosi, m'khwapa ndi pansi pa mcira. Motero mlimi amene asambitsa ng'ombe zake ku dibu poopa cigodola amapulumutsanso zikopa zao, ngakhale iye sakuganizako. Mkwapulo wa mnyamata wolima, waya wa minga, goli losapala bwino, ndi mphere za mbuzi, zonsezi zimasiya pa cikopa zolemba zosafafanizika. Coipa koposa ndico cizindikiro ca moto cacikulu coikidwa pa matako kapena pa nthiti, pakuti pamenepo mpamene pali cikopa colimba ca malamba. Mwini ng'ombe afunse alangizi a ziweto malo amene lamulo lilola, ndipo cizindikiro cikhale cacing'ono.

NYAMA YOFA YOKHA

Pali cikopa cimodzi cimene siciyenera kukhudzidwa konse, ngakhale cikhale cacikulu motani. Ng'ombe, mbuzi kapena nyama ya m'chire imene yafa mwadzidzidzi, imene yatupa msanga, ndipo ikutuluka mwazi wakuda wosaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, ingakhale yafa ndi nthenda ya anthrax. Mbeu za nthendayi zimakhala zamoyo m'nthaka zaka makumi, ndipo kuumitsa kapena mcere sizizipha pa cikopa. Wosenda amatuluka cironda cakuda pakati, pa dzanja kapena pa nkhope. Wodya nyamayo amadwala m'mimba, ndipo ena amafa. M'caka ca 2011 anthu ambiri a m'boma la Chama anadwala atasenda ndi kudya mvuu zofa zokha mumtsinje wa Luangwa, ndipo m'caka ca 2023 nthendayi inabukanso m'zigawo zingapo za Zambia. Nyama yotere isatumbulidwe. Auzidwe a ofesi ya ziweto tsiku lomwelo, ndipo iwo ndiwo alamule za kuocha kapena kukwirira.

KUSENDA NDI KUUMIKA

Wosenda wabwino amagwiritsa mpeni pang'ono ndi cibakera kwambiri. Mbuzi ikaphedwa ndipo mwazi ukatha kukha, ipacikidwe pa nthambi. Mzere woyamba ucekedwe woongoka, kucokera pa khosi kudzera pakati pa mimba kufikira kumcira. Kenaka m'kati mwa mwendo uli wonse kudzakomana ndi mzere woyambawo. Zitatha izi mpeni upumule. Dzanja limodzi likoke cikopa, ndipo cibakera ca dzanja lina cikankhe pakati pa cikopa ndi mnofu. Pa mbuzi yongophedwa kumene cimasendeka cokha. Ng'ombe imafuna mpeni, koma ukhale wa nsonga yozungulira, ndipo kukamwa kwake kuyang'ane ku nyama, osati ku cikopa. Mpeni wosongoka umasiya tinjira ku mbali ya mnofu, ndipo pa tinjira timeneto mpamene lamba adzadukira. Nyama isakokedwe pansi, pakuti miyala imapala nkhope ya cikopa, ndiyo mbali ya ubweya.

Kuola kumayamba nthawi yomwe nyama yafa, makamaka pa kutentha kwa Okutobala. Ncifukwa cake cikopa sicidikira kuti phwando lithe. Citsukidwe ndi madzi ozizira kucotsa mwazi ndi ndowe, ciyalidwe pa cipika cosalala, ndipo mafuta ndi tizidutswa ta mnofu tipalidwe. Ngati ubweya uyamba kuzuka wokha pokoka ndi zala, ndiye kuti kuola kwalowa kale.

Cizolowezi cokhomera cikopa pansi pa dzuwa ndico cimene cimaononga zikopa zambiri m'midzi, ndipo cinyengo cake ncakuti cikopa cimaoneka cabwino. Dzuwa limaumitsa pamwamba msanga ndi kutsekera cinyezi m'kati. Mbali yogona pansi siipeza mphepo. M'katimo mumapsa ndi kuola mobisika. Tsiku lonyika, cikopaco cimasupuka ndi kubooka ngati nsanza. Njira yoyenera ndiyo kumanga mitengo 4 monga felemu ya citseko, kuboola timabowo m'mphepete mwa cikopa, ndi kucikoka ndi luzi mbali zonse, cosakhwepa koma cosakokedwa mopambanitsa. Felemuyo iimikidwe mumthunzi, m'cigafa kapena pansi pa mtengo wa mango, pamene mphepo ipita mbali zonse ziwiri. Ca mbuzi cimauma pa masiku 3 kufikira 5. Ca ng'ombe cimafuna ngati masabata 2. Amene ali ndi mcere angausadze pa mbali ya mnofu m'malo mwa kuumika: cikopa ca ng'ombe ca makilo 20 cifuna mcere wa makilo 7 kapena 8, ndipo ca mbuzi cifuna ngati theka la kilo. Couma cipindidwe kamodzi kokha motsata msana, ubweya uli m'kati, ndi kupacikidwa pamene makoswe ndi tizirombo todya zikopa sitingafike.

KUCOTSA UBWEYA

Woyamba kumene ayambe ndi cikopa cimodzi ca mbuzi. Ciri copepuka, cimatha msanga, ndipo cikaonongeka cisoni cake ncocepa.

Cikopa couma cibviikidwe m'madzi oyera tsiku limodzi kapena 2, ndi kusintha madziwo m'mawa ndi madzulo, kufikira cifewe monga cinaliri tsiku losenda. Kenaka cilowe m'madzi a laimu wozimitsidwa, wonga wopaka nyumba. Zibakera 3 kapena 4 m'ndowa ya malita 20 zikwanira. Kumene kulibe laimu, phulusa losefa la nkhuni zolimba limagwira nchito yomweyo, cinkana limacedwa. Cikopa cimizidwe conse ndi kutembenuzidwa ndi ndodo tsiku liri lonse. Pakapita masiku 4 kufikira 7 ubweya umacoka pokankha ndi cala cacikulu. Pamenepo ciyalidwe pa cipika ndi kupalidwa ndi kumbuyo kwa cikwanje kapena mpeni wobuntha, motsata kumene ubweya unagonera. Atatha atembenuze ndi kupala nembanemba yotsala ku mbali ya mnofu. Laimu amadya manja ndipo angaphe diso, motero wogwira nchitoyi abvale magolovesi kapena mapepala a pulasitiki, ndipo madzi otsala atayidwe m'dzenje lakutali ndi citsime ndi dimba.

Laimu wotsala m'cikopa amalimbana ndi makungwa, ndipo amacititsa cikopa kuda ndi kuthetheka. Citsukidwe tsono m'madzi ambiri kangapo, kenaka cigone tsiku limodzi m'madzi a gaga amene asasa kwa masiku 2. Kuwawasa kwa gaga kumapha mphamvu ya laimu. Cizindikiro ncakuti kutupa kumatha, cikopa cimalobodoka ndi kuterera, ndipo cala cikadinda pamenepo dindo limatsala.

Wofuna mphasa ya cikopa, kapena cobvala ca ku Nc'wala, amasiya ubweya. Iyeyo alumphe laimu ndi gaga, apale bwino mbali ya mnofu, napite ku makungwa. Adziwe kokha kuti ubweya woyera udzatenga mtundu wa makungwawo.

MAKUNGWA

Mitengo ya tanini siisowa m'mapiri ndi m'madambo a kuno. Msekese, umene ena amati citimbe, uli ndi khungwa lamphamvu. Muula, mombo ndi bulugamu nazonso zimathandiza. Pali mayeso awiri osabvuta. Khungwa labwino likatafunidwa limamanga m'kamwa monga nthoci yaiwisi. Ndipo msomali wa dzimbiri ukagona m'kapu ya madzi ake, madziwo amada ngati inki. Mayeso aciwiriwa aphunzitsanso cinthu cina: citsulo ndi tanini siziyanjana. Mgolo wa citsulo, ndowa ya malata kapena waya womangira, zonsezi zimadetsa cikopa mawanga akuda osacoka. Conyikiramo cikhale mtsuko waukulu wa dothi, beseni kapena mgolo wa pulasitiki.

Makungwa atengedwe ku mitengo imene yagwetsedwa kale potsegula munda kapena podula nkhuni. Kusenda mtengo wamoyo mozungulira ndiko kuupha, ndipo mudzi umene utha misekese yake cifukwa ca malamba wagula malambawo modula. Makungwawo aumikidwe mumthunzi, asinjidwe mumtondo, ndi kubviikidwa m'madzi ofunda masiku 2 kapena 3. Cikopa cimodzi ca mbuzi cimadya makungwa ouma opitirira kulemera kwake kawiri kapena katatu, monga mwa mphamvu ya mtengowo.

Apa mpamene ambiri amalakwa cifukwa ca cangu. Munthu amaganiza kuti madzi amphamvu afulumizitsa nchito, naponya cikopa m'madzi akuda bii tsiku loyamba. Tanini wambiri amagwira pamwamba nthawi yomweyo, nakhwimitsa nkhope ya cikopa kukhala makwinya, natseka njira ya kulowa m'kati. Kunja kumaoneka kwakupsa pamene pakati pali pawisi. Madzi oyamba akhale ofooka, a mtundu wa tiyi wosalimba, ndi ozizira, pakuti madzi otentha amaphika cikopa. Masiku 3 oyamba citembenuzidwe kawiri-kawiri kuti mtundu ulowe mofanana ndipo makwinya asagone pamodzi. Pambuyo pake pa masiku 3 kapena 4 ali onse aonjezedwe madzi amphamvu pang'ono kuposa akale, kufikira otsiriza akhale ofiirira kwambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha: ca mbuzi cimafuna masabata 3 kapena 4, ndipo ca ng'ombe miyezi 2 kapena 3, nthawi zina kuposerapo. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nchito imacedwerako.

Masiku sawerengedwa pa kalendala pokha ai. Cikopa comwe ndico cimanena. Wofufuta aceke kacidutswa pa khosi, pamene pali pocindikala koposa, nayang'ane m'mbali mwa codulidwaco. Ngati pakati pali kamzere koyera kapena konyezimira, cibwerere mumtsuko. Ngati mtundu wofiirira wapyoza kucokera ku nkhope kufikira ku mbali ya mnofu, capsa.

MAFUTA NDI KUFEWETSA

Cikopa cakupsa citsukidwe, cikhululidwe madzi pa thabwa losalala, ndipo cipakidwe mafuta cikali ca cinyezi, pakuti madzi pouma amakokera mafuta m'kati. Mafuta a nshawa, zimene dziko la Chipata lachuka nazo kuyambira masiku a mbeu ya Chalimbana, ngabwino. A nsatsi ngabwinonso. Ndipo opambana onse ndi amene amayandama pophika miyendo ya ng'ombe. Oilo wakuda wa galimoto asayandikire. Mafuta apakidwe pang'ono-pang'ono, ocepa ku nkhope ndi ocuruka ku mbali ya mnofu, ndipo cikopa ciumire mumthunzi.

Cisanaumitse, cikali cozizira pocikhudza, cikokedwe uku ndi uku pa mutu wa mtengo wozikidwa pansi wosemedwa ngati khasu lobuntha, mbali ya mnofu iri pansi. Nchito imeneyi imatulutsa thukuta, ndipo njabwino kuigwira awiri pocezerana. Cikopa ca zikwama cifikisidwe kufikira cifewe. Ca malamba ndi ca pansi pa nkhwaira cisiyidwe colimbirako. Wofuna cakuda abviike misomali yakale m'vinyo wosasa kwa sabata, napake madziwo pa nkhope ya cikopa: udani uja wa citsulo ndi tanini pano usanduka utoto wosasuluka.

ZINGWE ZA NG'OMBE

Mlimi wa pulawo ndi ngolo ali ndi njira yaifupi yopezera zingwe, yosafuna makungwa. Cikopa ca ng'ombe caciwisi cicekedwe mozungulira kuyambira m'mphepete kunka pakati, kuti cituluke cingwe cimodzi cacitali, ca m'lifupi ngati zala 2 kapena 3. Cingweco cikolekedwe kangapo pa nthambi yolimba, ndipo kunsi kwake kumangidwe mwala wolemera. Ndi ndodo yaitali munthu azungulize mwalawo kufikira cingwe cipotane ndi kukwera, nacilekere kuti cimasuke cokha, napoterenso mbali yina, akupaka mafuta a ng'ombe pakati pa nchito. Pakapita masiku angapo cimafewa ndi kuyera. Cingwe cotere cimanga goli ndi katundu wa pa ngolo zaka zambiri, ndipo siciceka khosi la ng'ombe monga icitira nailoni.

ZIDA, KUDULA NDI KUSOKA

Zida zambiri ziri kale pamudzi. Coboolera cimasulidwa ku sipoko ya njinga yonoledwa nsonga ndi kuzikidwa m'kamtengo. Pafunikanso mpeni wakuthwa kwambiri, thabwa lodulirapo, cibonga ca mtengo, rula, singano 2 zobuntha, ulusi wolimba wa nailoni wonga wa osoka nsapato, ndi phula la njuci lopaka ulusiwo kuti usaole ndiponso usamasuke. Msomali waukulu wodulidwa nsonga ndi kusemedwa ndi tupa umadinda maluwa pa cikopa ca makungwa cikanyowetsedwa pang'ono, ndipo dindolo silicoka cikauma.

Cikopa siciri cofanana ponse. Ca pa msana ndi pa matako ncolimba ndipo sicitamuka. Ca pa khosi ciri ndi makwinya. Ca pa mimba ncolobodoka. Lamba adulidwe ku cikopa ca ng'ombe, motsata msana. Wodulidwa pa mimba amatalika sabata iri yonse kufikira mabowo atatha. Utali wake ukhale muyeso wa m'cuuno kuonjezapo masentimita 25, m'lifupi masentimita 3 kapena 4, ndipo mabowo 5 atalikirane masentimita 2 ndi theka. Kacitsulo komangira kangacotsedwe ku lamba wakale. Ca mbuzi ndico ca zikwama za ndalama, matumba a foni, cikuto ca Baibulo kapena ca buku la nyimbo, ndi zingwe za pamwamba pa nkhwaira, zimene pansi pake pangakhale tayala lakale. Cinthu ciri conse ciyambe cadulidwa pa katoni ndi kuyesedwa, pakuti katoni wolakwika amatayidwa, koma cikopa ca masabata 4 sicibwerera.

Kusoka kolimba ndiko kwa singano ziwiri. Wosoka alembe mzere mamilimita 4 kucokera m'mphepete, naboole mabowo motalikirana mofanana, ngati mamilimita 4 kapena 5. Ulusi ukhale wautali kanai kuposa msoko, ndi singano ku nsonga zonse ziwiri. Upyoze bowo loyamba kufikira pakati pake; kenaka pa bowo liri lonse singano ya kumanzere ipite kumanja ndipo ya kumanja ipite kumanzere, ndi kukoka zonse ziwiri ndi mphamvu yofanana. Dzanja loyamba likhale lomwelo pa bowo liri lonse, apo ai msoko umayenda mokhotakhota. Pothera abwerere m'mbuyo mabowo 3, adule ulusi, naoche nsonga yake. Ubwino wa msoko wotere ngwakuti ulusi umodzi ukaduka unzake umagwirabe, pamene msoko wa makina ukaduka pamodzi umasosoka wonse. M'mphepete munyowetsedwe ndi kukhuzidwa ndi fupa losalala kapena kamtengo kufikira munyezimire. Ogula ambiri amayamba kuyang'ana pamenepo.

Cinthu coyamba cikhale cimake ca mpeni. Ciri ndi msoko umodzi wokha, ndipo cimaphunzitsa kuika kacidutswa kacitatu pakati pa mbali ziwiri kuti mpeni usadule ulusi.

ZA LAMULO NDI ZA MSIKA

Zikopa za ziweto ziribe mlandu, koma za nyama za m'chire ziri pansi pa lamulo la nyama za m'chire la 2015. Kusunga kapena kugulitsa cikopa ca kambuku, mkango kapena nyama yina yochinjirizidwa popanda cikalata ca Boma ndi mlandu wa ndende, ndipo mau akuti ncosiyidwa ndi agogo sapulumutsa munthu wopanda cikalataco. Banja limene liri ndi cotere lifunse ku ofesi ya nyama za m'chire. Wofuna cobvala ca mwambo angacipeze pa mbuzi ya mawanga kapena pa thole.

Amene dzanja lake lakhwima angayese zinthu zake pa cionetsero ca zaulimi ca boma lake, kapena ca cigawo conse ku Chipata, kumene alimi anzake amazigwira ndi kuzipinda mopanda manyazi. Onyamula anthu pa njinga mumzinda amafuna zikuto za zishalo. Alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama amakonda kanthu kakang'ono kolowa m'thumba. Poika mtengo awerenge laimu, ulusi ndi mafuta, koma asaiwale masabata a mumtsuko.

Zotsala pofika dzinja zisasungidwe m'thumba la pulasitiki kapena pansi, pakuti cinyezi ca Januwale cimameretsa nkhungu pa cikopa ca makungwa. Zipacikidwe pa mtanda wa nyumba pamene mphepo ipita. Nkhungu ikaoneka ipukutidwe ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi osakaniza ndi vinyo wosasa pang'ono, ndipo cikopa cikauma cipakidwenso mafuta ocepa ku nkhope.